Ndalama Kutali, Ngongole Pafupi: Kodi Zofunika Pakhomo Timazigula Kuti?

Kumapeto kwa mwezi, makamaka m'nyengo imene alimi alandira ndalama za fodya, munthu woima pamalo okwerera mashapa ku Ulónguè amaona zinthu zopatsa maganizo. Amayi ena akulowera kumsika atasenza madengu. Abambo ena akufunafuna galimoto yopita ku Calómuè kuti akaolokere ku Dedza. Aphunzitsi, anamwino ndi ena olandira malipiro a pamwezi akukambirana za amene apite ku Tete sabata ino, kuti amutume. Ndipo kuseri kwa nyumba zathu, kamwana kakuthamangira ku banka ya pafupi katafumbata makobidi a mchere. Anthu onsewa akufuna zinthu zofanana: mchere, sopo, shuga, mafuta ophikira, machesi ndi ndiwo. Koma aliyense walondola njira yake, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chake.

Ife amene timayendera mabanja kawirikawiri taona kuti nkhani ya kogula zinthu imakhudza mtendere wa m'nyumba ndi ubale wa pamudzi kuposa momwe ambiri timaganizira. Nchifukwa chake tafuna kuti tiilingalire pamodzi, abale ndi alongo, ndipo tiyambe ndi kumene tidachokera.

Masiku a makantina

Achikulire athu amakumbukira makantina a nthawi ya Apwitikizi. Kantina idali sitolo ya kumudzi, ya Mpwitikizi kapena Mmwenye, kumene mlimi ankagulitsa chimanga, nyemba ndi mtedza, n'kugula pomwepo nsalu, mchere, sopo ndi khasu. Mwayi wosankha udali wochepa, pakuti wogula mbewu ndi wogulitsa mchere adali munthu mmodzi, ndipo mitengo yonse iwiri ankaikhazikitsa ndi iye yemweyo.

Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, eni makantina ambiri adachoka. Boma lidayesa kutseka mpatawo ndi masitolo otchedwa Lojas do Povo, koma sadakhalitse, ndipo nthawi zambiri mashelefu ake adali opanda kanthu. Metikali idalowa m'malo mwa escudo mu 1980, komabe zaka zimenezo zidatiphunzitsa kuti munthu angathe kukhala ndi ndalama m'thumba n'kusowa sopo. Kenaka nkhondo idafika, ndipo anthu a dziko lino oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi. Ambiri a kuno ku Angónia adakakhala m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, adabwerera akudziwa bwino misika ya kutsidya, katundu wa kutsidya ndi ndalama ya kutsidya. Kwa zaka zambiri kwacha idayenda m'midzi yathu ya m'malire mofanana ndi metikali, mwinanso kuiposa. Ndipo ngakhale boma lidachotsa maziro atatu pa metikali mu 2006, achikulire ena amawerengabe ndalama m'makonto kufikira lero.

Tikakumbukira zonsezi, timaona kuti kukhala ndi malo anayi kapena asanu ogulako zinthu ndi mwayi umene makolo athu adalibe. Mwayi wotere umafunanso nzeru yosankha bwino.

Msika: kumene wogula amaona ndi maso

Pa ndiwo ndi zokolola, anthu ambiri a kuno amasankha msika, ndipo sitingawatsutse. Dziko la Angónia ndi Tsangano ndi lozizira ndi lachonde. Mbatatesi, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba zimene anthu a mumzinda wa Tete amagula pamtengo wokwera zimachokera m'minda ndi m'madimba athu. Kungakhale kusaganiza bwino kukagula kabichi kutali pamene wolima kabichiyo ndi mnansi wathu. Kumsika komweko kumafikanso kapenta ndi nsomba zouma za ku Cahora Bassa, pamodzi ndi usipa wa ku nyanja.

Chimene chimakopa anthu kumsika ndi ufulu wake. Mayi amatha kugwira tomato n'kumuyang'ana, kununkhiza nsomba, kunenerera mtengo, ndiponso kupempha basera. Amagula molingana ndi ndalama imene ali nayo: mulu umodzi, mbale imodzi, kapu imodzi. Palibe amene amamuyang'ana mwachipongwe chifukwa wagula zochepa. Ndiponso kumsika ndi kumene nkhani zimamveka, za maliro, za ukwati, za mtengo wa feteleza ndi za amene wadwala.

Vuto la msika lili pa muyeso. Mulu wa lero sufanana ndi wa dzulo. Mbale ina idaponderedwa pansi kuti ilowe zochepa, ndowa ina idatenthedwa n'kufutukulidwa kuti ilowe zambiri pogula kwa mlimi. Tonse tamvapo madandaulo a masikelo onama m'nyengo yokolola. Chomvetsa chisoni n'chakuti wonyenga ndi wonyengedwa nthawi zina ndi anthu a mudzi umodzi, amene Lamulungu amakhala pabenchi imodzi. Wogulitsa amene muyeso wake ndi wokhulupirika amadziwika msanga, ndipo amayi amauzana. Tikafunsa mayi chifukwa chake amadutsa ogulitsa nyemba asanu n'kukagula kwa wachisanu ndi chimodzi, yankho lake limakhala lakuti, "Mbale ya amayi aja ndi yoona."

Kutsidya kwa malire

Kwa ife a m'malire, msika wa dziko lina uli pafupi kuposa mzinda waukulu wa chigawo chathu. Kuchoka ku Ulónguè kupita ku Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, pamene kupita ku Tete ndi makilomita oposa 200. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu, msewu waukulu wa ku Malawi umayenda m'mbali mwenimweni mwa malire, kotero kuti pa Lizulu munthu amagula tomato ku Malawi n'kuoloka msewu kukagula nsalu ku Mozambique. Zotere zimachitikanso pa Biriwiri, pa Zóbuè moyang'anana ndi Mwanza, ndiponso kwa abale athu a ku Milange moyang'anana ndi Muloza, kumene chimanga chambiri cha dziko lino chakhala chikuolokera ku Malawi pa njinga.

Wopita kutsidya amakhala ndi zifukwa zingapo. Ena adazolowera tiyi, shuga ndi sopo wa kumeneko kuyambira masiku a kuthawa nkhondo. Ena ali ndi achibale kumeneko, ndipo ulendo umodzi umakwaniritsa zinthu ziwiri. Koma chifukwa chachikulu ndi mphamvu ya ndalama. Boma la Malawi litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wokhala ndi mametikali adayamba kulandira makwacha ambiri posintha, ndipo kwa kanthawi katundu wa kutsidya adaoneka wotsika mtengo. Posakhalitsa mitengo ya kumeneko idakwera kutsatira kutsika kwa ndalamayo. Mlimi amene adagulitsa mbatatesi zake n'kusunga makwacha m'nyumba ndiye adalira, chifukwa ndalama yake idachepa mphamvu ali m'tulo.

Phunziro lake ndi lakuti phindu la kutsidya limasinthasintha. Chimene chidali chotsika mtengo chaka chatha chingathe kukhala chokwera chaka chino. Komanso pakati pa wogula ndi katundu pamaima munthu wosintha ndalama, amene amadyapo gawo lake popita ndi pobwera. Wanzeru amafunsa mtengo wosinthira asanakwere galimoto, ndipo katundu akakhala wambiri amadutsa naye pachipata chovomerezeka. Wodutsa njira za m'tchire kuti azembe msonkho akakumana ndi mavuto alibe kokadandaula.

Sitolo yaikulu ya mumzinda

Masitolo akuluakulu odzitengera wekha katundu pa shelefu si akale m'dziko muno. Kampani ya Shoprite ya ku South Africa idatsegula sitolo yake yoyamba ku Maputo mu 1997. Ku Tete zinthu zidasintha kwambiri pamene migodi ya malasha ya ku Moatize idakula, makamaka kampani ya Vale itayamba kukumba mu 2011. Anthu olandira malipiro adachuluka, ndipo masitolo aakulu ndi mashopu opikulitsa katundu adachulukanso.

Ubwino wa sitolo yaikulu ndi woonekeratu. Mtengo walembedwa, ndipo ndi umodzi kwa wolemera ndi wosauka, kwa mwini dera ndi mlendo. Kilo ndi kilo, lita ndi lita. Papaketi palembedwa tsiku limene chakudyacho chidzatha mphamvu, ndipo wogula amalandira lisiti. Palinso chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mchere wogulitsidwa ukhale ndi ayodini, amene amateteza ku chotupa cha pakhosi ndiponso amathandiza ubongo wa mwana kukula bwino, ndi kuti mafuta ophikira ndi shuga zopangidwa m'mafakitale zikhale ndi vitamini A. Wogula paketi yotseka amatha kuwerenga ngati zimenezi zilimo. Wogula mafuta a m'kapulasitiki komanga pamanja sangadziwe kumene achokera kapena nthawi imene akhala padzuwa. Bungwe la boma limayendera masitolo kufufuza katundu wotha nthawi, koma silingafike pa banka iliyonse ya m'mudzi, choncho maso a wogula ndiwo mlonda woyamba.

Komabe mtengo wa pa shelefu si mtengo wonse. Pamwamba pake tiyenera kuikapo ndalama ya shapa popita ndi pobwera, ya katundu, ya chakudya cha panjira, ndi tsiku lathunthu limene tasiya ntchito. Ndipo sitolo yaikulu idakonzedwa mwaluso kuti munthu agule zimene sadabwerere. Wolowa kuti agule mafuta ndi sopo amatuluka ndi mabisiketi, zakumwa ndi zina zokometsera zimene sadaziganizire kunyumba. Tiyeneranso kuvomereza kuti ena a ife timapitako chifukwa cha ulemu umene jumbo ya sitolo yotchuka imapereka tikamatsika nayo m'galimoto anthu akuona. Sitolo yaikulu imapindulitsa amene ali ndi ndalama yogula zambiri nthawi imodzi ndi malo ozisungira. Kwa amene amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku, khomo lake lili ngati lotseka.

Banka ya pafupi ndi kope lake

Tsopano tifike pa malo amene timagulako kawirikawiri kuposa ena onse, ngakhale sitiwatchula tikamakamba za kogula zinthu. Awa ndi kagolosale ka pafupi ndi nyumba, kamene kuno timakatcha banka ndipo kutsidya amakatcha okala. Mwini wake amakapikula katundu ku Ulónguè, ku Dómuè kapena ku Tete, n'kumugawa m'timapulasitiki kuti aliyense athe kugula.

Aliyense amadziwa kuti ku banka zinthu ndi zokwera mtengo, koma ndi ochepa amene adakhalapo pansi n'kuwerengera. Tiyerekeze kuti paketi ya shuga ya kilo imodzi ikugulidwa pa mametikali 80. Mwini banka akaigawa m'timapaketi 20, n'kugulitsa kalikonse pa mametikali 5, kilo yomweyo yafika pa mametikali 100. Banja logula kapaketi kamodzi tsiku lililonse lalipira mametikali 20 owonjezera pa kilo iliyonse. Zimakhalanso chimodzimodzi ndi mafuta, sopo wodula ndi mchere. Motero wosauka, amene sangathe kugula paketi yathunthu, ndiye amalipira zambiri pa kilo kuposa wolemera. Mwini banka sitingamunene kuti ndi wakuba pa chifukwa chimenechi. Iye walipira ulendo, wagula timapulasitiki, wakhala pazenera kuyambira m'mamawa kufikira usiku, ndipo katundu wina amamuwonongekera.

Nanga n'chifukwa chiyani timapitabe ku banka? Ili pafupi, ndipo mwana angathe kutumidwa nsima ili pamoto. Imatsegula pamene mlendo wafika dzuwa litalowa. Koma chifukwa chachikulu ndi kope lija limene limakhala pansi pa shelefu. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka ndipo ndalama zonse zathera ku feteleza ndi ku zofunika za sukulu, mwini banka ndiye amanena kuti, "Tengani, mudzapereka mukakolola." Palibe sitolo yaikulu imene ingachite zimenezi. Kumeneko wosunga ndalama sadziwa dzina lathu, ndipo tikaperewera metikali imodzi, katundu amabwerera pa shelefu. Chilala cha 2024 chidakumbutsa mabanja ambiri a m'chigawo cha Tete kufunika kwa munthu amene angakukongoze mchere ndi sopo popanda chikole.

Apa ndi pamene pali nkhani imene yatichititsa kulemba. Chaka china tidachezera mayi wina wamasiye amene adali ndi banka yodziwika bwino m'dera lake. Tidapeza zenera lotseka ndi mashelefu opanda kanthu. Titafunsa chimene chidachitika, adalowa m'nyumba n'kutulutsa makope awiri odzaza ndi maina.

"Abusa, mpamba wanga wonse uli m'makopemu," adatero. "Anthuwa m'dzinja ankabwera usiku, ndipo ine sindinkatha kuwakaniza chifukwa ana awo ndimawadziwa. Atagulitsa fodya ndidawaona akutsika m'galimoto ndi makatoni a mafuta ndi sopo ochokera kutauni. Ena masiku ano amazungulira njira kuti asadutse pakhomo pano."

Tidafunsa ngati adayesapo kuwakumbutsa. Iye adayankha kuti, "Ndikawakumbutsa amati ndine wouma mtima. Wina adandiuza kuti zinthu zanga n'zodula."

Sitidafune kuwerenga maina a m'makopewo, pakuti tidadziwa kuti ena mwa iwo ndi anthu amene timawapatsa moni sabata ndi sabata. Tidabwerera tikudzifunsanso tokha, chifukwa nafenso pakhomo pathu tidatumapo mwana ku banka wopanda ndalama, ndipo malipiro atabwera tidayamba taganiza za ulendo wa kutauni. Chizolowezi chimenechi chafala pakati pathu: tikakhala ndi ndalama timapita nazo kutali, tikasowa timabwera kwa mnansi. Sitolo yaikulu imalandira ndalama zathu, banka imalandira malonjezo athu. Banka ikatsekedwa, wotaya si mwini wake yekha. Dzinja lotsatira mudzi wonse umasowa kothawira, ndipo otsala amagwa m'manja mwa akatapila. Akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.

Eni mabanka nawonso ali ndi mbali yawo. Alipo amene amalemba m'kope zimene munthu sadatenge, podziwa kuti agogo satha kuwerenga. Alipo amene amakweza mtengo akaona kuti wabwera ndi mwana, kapena kugulitsa katundu amene nthawi yake idatha kale. Wotere asadabwe anthu akamudutsa.

Lamya yasinthako zina

Kuyambira pamene M-Pesa idafika m'dziko muno mu 2013, ndipo pambuyo pake e-Mola, kagulidwe kasinthako. Mwana amene ali pantchito ku Tete, ku Beira kapena ku Johannesburg angathe kuthandiza makolo ake mosavuta kuposa kale, ndipo ena amatumiza ndalama mwachindunji kwa mwini banka kuti agogo azikatenga zimene akufuna. Mayi angathe kuimbira mnzake amene ali kumsika kufunsa mtengo wa nyemba asananyamuke. Izi zachotsanso chowiringula chakale chakuti tidalephera kubweza ngongole chifukwa tidali kutali.

Tingachite chiyani?

Sitikunena kuti malo amodzi ndiwo abwino kuposa ena onse. Banja lanzeru limagula ndiwo kumsika, zinthu zosawonongeka msanga kopikulitsa, ndi zadzidzidzi ku banka. Koma pali zinthu zingapo zimene tikupempha banja lililonse kuti lilingalire.

Choyamba, ndalama zikafika, kaya za fodya, za mbatatesi kapena za malipiro, kope la ku banka likhale loyamba kufafanizidwa tisanakwere galimoto iliyonse. Ngati sitingathe kubweza zonse, tipite ndi zimene tili nazo ndipo tilankhule poyera. Kuzemba njira kumapweteka mwini banka kuposa kuchedwa kwa ndalama.

Chachiwiri, bambo ndi mayi akhale pansi n'kulemba zofunika pamwezi asanapite kogula. M'mabanja ambiri mayi ndiye amadziwa kuti botolo la mafuta limatha masiku angati, koma bambo ndiye amanyamula ndalama kupita kutauni. Mikangano ingapo imene taitanidwa kukaweruza idayamba ndi katundu wogulidwa popanda kufunsana.

Chachitatu, mabanja amene sangathe kugula zambiri paokha angathe kusonkherana. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja asanu akagula limodzi katoni ya sopo, thumba la mchere kapena chigubu cha mafuta cha malita 20, n'kutuma munthu mmodzi, ulendo umalipiridwa kamodzi ndipo aliyense amalandira pamtengo wopikulira. Magulu a amayi ndi magulu osunga ndalama m'midzi ali kale ndi dongosolo lotha kuchita zimenezi. Ndipo palibe choletsa kupempha mwini banka wa m'dera lathu kuti iye ndiye akatipikulire, n'kumupatsa kaphindu kogwirizana.

Chachinayi, ngakhale pamene tili ndi ndalama zokwanira ulendo wa kutauni, tisiyeko gawo lina logula pafupi. Mametikali ochepa amene tawonjezera pa sopo wa ku banka ndiwo amasunga zenera lija kuti lidzakhale lotsegula m'mwezi wa Febuluwale.

Kwa inu amene mumagulitsa, kumsika kapena ku banka, sungani muyeso umodzi pogula ndi pogulitsa. Lembani ngongole wokongola akuona, ndipo muuzeni chiwerengero chake. Ikani malire a ngongole imene mpamba wanu ungapirire, pakuti kukana mwaulemu lero kuli bwino kuposa kutseka banka mawa.

Mayi wamasiye uja adatsegulanso zenera lake patapita miyezi ingapo, abale ake atamuthandiza ndi kampamba kochepa, ndipo ena mwa okongola aja, atalangizidwa ndi akuluakulu a pamudzi, adabweza. Makope akale aja adakali nawo, ndipo masamba ena sadafafanizidwe. Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, aliyense wa ife adzifunse ngati dzina lake lili m'kope la munthu wina, ndipo ngati lilimo, ayambe wapita kumeneko.